Dzina la Pakona ya Chikwangwani

"Ndiyang'aneni kumaso, inu! Tiyiyo musiyeni, sanalakwe kanthu. Wasindikiza chinthu chimenechi ndani?"

Amayi anga, amene ndimawatchula kuti Amma, anaponya foni patebulo. Pafonipo panali chithunzi cha geti la mafulati athu a Tempua, kuno ku Kuala Lumpur, ndipo pamwamba pa getilo panali chikwangwani cha nsalu yachikasu, chachitali ngati basi. Mawu ake anali ofiira: ANTHU A KU AFRICA SITIKUWAFUNA PANO. ENI NYUMBA, MUSAWAPATSE MALO. Analembedwa m'Chimalei, m'Chitchaina, m'Chingerezi, ndi m'Chitamili chathu chomwe, kuti pasapezeke wonamizira kuti sanamve.

Appa, bambo anga, anapitiriza kutakasa tiyi wotakasa kale.

"Ndasindikiza ndine," anatero. "Ndimasindikiza za maukwati, za maliro, za zipani zonse nthawi ya chisankho. Kodi ndikasindikiza za maliro ndiye kuti munthuyo ndamupha ndine?"

"Ndiye mpaka kuikapo dzina?" Amma anafunsa.

Apa ndiye panagona nkhani. Osindikiza onse kuno amaika dzina la shopu ndi nambala ya foni pakona yam'munsi ya chikwangwani, kuti wochikonda adziwe kokapangitsa chake. Bambo anga akhala akutero zaka makumi atatu, ndipo amati ntchito yopanda dzina ndi ya wakuba. Choncho pachinsalu chonsecho panalibe dzina la komiti kapena la munthu wina aliyense. Panali limodzi lokha, pakona: Perumal, Osindikiza, ndi nambala yawo yonse yathunthu.

"Appa, anakutumani ndani?" ndinafunsa.

"Za akuluakulu usalowerere, Thilaga."

"Dzina lili apolo ndi langanso. Pachitupa changa analemba kuti Thilagavathi mwana wa Perumal. Anakutumani ndani?"

"A Foong."

"Ndinadziwa ine!" Amma anaomba m'manja kamodzi mokwiya.

A Foong ndi wapampando wa komiti ya eni mafulati. Komanso fulati imene tinkakhalamo, pansanjika yachisanu ndi chinayi, inali yawo, ndipo pangano lathu la lendi linali litatsala ndi milungu isanu ndi umodzi.

"Anabwera okha kushopu Lachitatu," Appa anafotokoza. "Anakhala pampando wanga, anamwa khofi wanga, kenako n'kuti, 'Perumal, pangano lathu lija likutha mwezi wamawa, eti? Tikambirana ukamaliza kantchito aka.' Tsono unkafuna nditani, Kalaivani?"

"Mukanakana!"

"Kukana n'kokoma pakamwa. Waiwala miyezi isanu ndi inayi ija tinkagona atatu m'kachipinda kwa mchimwene wako? Foni iliyonse imene tinkaimba funso linali limodzi: 'Ndinu mtundu wanji?' Tikangoti Amwenye, nyumba ija yapeza kale munthu. A Foong okha ndi amene anatitsegulira chitseko. Ndachita zimenezi kuti iwe ndi mwanayu mukhale ndi denga."

"Ine sindinaiwale. Mwaiwala ndinu. Tapitani pagalasi mukadzione, bambo inu. Inu ndi mnansi wathu Ebele wakuda kwambiri ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe."

Mawuwo asanazizire, pachitseko panamveka kugogoda. Tinayang'anana. Ebele sankagogoda kwathu. Ankangokankha chitseko n'kufuula kuti, "Anti, mwaphikanji?" Anali mayi wa ku Nigeria, wophunzira zamankhwala pakoleji imene ine ndimagwirapo ntchito, ndipo khomo lake linayang'anizana ndi lathu kwa zaka zitatu. Mwana wake Adaeze, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankaswera kwathu akaweruka kusukulu. Mwanayo ankawatchula Appa kuti Thatha, monga mdzukulu weniweni atchulira agogo ake aamuna.

Ndinatsegula ndine. Ebele sanalowe.

"Anti, ndabwera kudzatenga kiyi wanga amene mumandisungira."

"Lowa, mwana wanga, tikambirane," Amma anatero.

"Ayi, Anti, ndili bwino pomwe pano." Anayang'ana Appa. "Ankolo, mukudziwa amene wandiwerengera chikwangwani chija? Ine Chimalei chimandivuta, ndipo Chingerezicho ndinali ndisanachione. Wandiwerengera ndi Adaeze. Timachokera kumsika, iye n'kuima pageti, n'kuyamba kuphatikiza zilembo monga mumamuphunzitsira inu. Amanyadira kuti akutha. Atafika pakona anadumpha, akuti, 'Amayi, taonani, dzina la Thatha!' Kenako anandifunsa kuti anthu a ku Africa amene Thatha sakuwafunawo ndi ati."

Amma anachotsa kiyi pamsomali n'kumupatsa. Ine manyazi anandigwira moti ndinalakalaka pansi patatseguka. Appa anatsegula pakamwa, koma Ebele anali atatseka kale chitseko chake.

Pofika Lolemba chithunzi chija chinali chitazungulira dziko lonse. Ine ndimagwira mu ofesi yolandira ophunzira ochokera kunja, ndipo tsiku limenelo foni sinapume. Bambo wina anaimba kuchokera ku Accra.

"Mwana wanga amayenera kubwera kumeneko mwezi wamawa. Kodi Kuala Lumpur wake ndi yemweyu wachikwangwaniyu?"

"Ayi bambo, amenewo ndi mafulati amodzi okha, ku Bukit Tempua, kutali ndi pakati pa mzinda."

"Mayi, ine pamapu anga ndikuona kadontho kamodzi basi. Mwana wanga sabwera."

Ndikanawauza chiyani? Kuti chinsalucho chinadulidwa ndi lumo la kunyumba kwathu? Ndinangoti pepani, ndipo pepaniyo ndinamunena kokwana makumi anayi tsiku lisanathe.

Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Timu ya mpira ya ophunzira a kum'mawa kwa Africa imene imayenera kudzasewera inalemba kalata kuti sibweranso. Msonkhano wa madokotala unasamutsidwira kudziko lina. Nyuzipepala zakunja zinayamba kutitchula kuti mzinda wachikwangwani, ngati kuti anthu mamiliyoni onsewa tinagwirizira makwerero pochimangirira. Abwana athu anatiuza kuti tichotse dzina la Bukit Tempua pamakalata a koleji. Akhonsolo, amene dzenje la pamsewu wathu akhala akulilambalala chaka chathunthu, anatumiza lole Lachiwiri m'mawa kudzatsitsa chinsalucho.

Anthu a m'dera lathu anakwiya kwambiri, koma ndinene mosapsatira, sanakwiye chifukwa cha Ebele. Lachisanu lija, chikwangwani chikukwezedwa, ambiri anaima pageti akugwedeza mitu movomereza. Chinawapweteka n'chakuti alendo aona. Woyendetsa takisi ankadandaula kuti okwera achepa. Mayi wogulitsa mpunga wa kokonati ankati ophunzira asiya kudya kwa iye. Ndipo onsewo, akafuna womuloza chala, ankayang'ana pakona paja. Foni ya Appa inalira mpaka anaizimitsa. Lachinayi anapeza chitseko cha shopu atachithira penti yofiira. Akuluakulu a kukachisi kwathu, amene Appa ankawasindikizira zikwangwani za chikondwerero chaka ndi chaka, anatumiza uthenga woti chaka chino apeza wina.

Lamlungu masana a Foong anabwera kwathu atanyamula jumbo ya malalanje. Anavula nsapato pakhomo mwaulemu, nakhala pampando wabwino uja.

"Perumal, m'bale wanga, wachepa thupi. Mlongo, mukum'patsa chakudya munthuyu?"

"Amene anam'patsa ntchito ndi amene am'patse chakudya," Amma anayankha. Tiyi sanawapatse.

A Foong anaseka pang'ono. "Madzi akatayika saoleka. Tiyeni tione za kutsogolo. Loweruka kuli msonkhano muholo yapansi. Kubwera akhonsolo, kubwera atolankhani. Dzina la dera lathu lili m'matope, ndipo tiyenera kulitsuka."

"Ndiye mukanene kuti munatuma ndinu," ndinatero.

"Mwana wanga, iwe ndiwe wophunzira, taganiza bwino. Komiti ikavomera, ndiye kuti eni nyumba mazana anayi onse ndi atsankho. Tempua yense, tauni yonse, mzinda wonse. Dziko silingakhululukire mzinda. Koma akakhala munthu mmodzi, wachikulire, amene analakwitsa n'kupepesa ndi mtima wonse, anthu amamva chisoni. Pakatha milungu iwiri aiwala."

"Munthu mmodziyo bwanji osakhala inuyo, Ankolo?"

"Dzina langa lili pachikwangwanipo?"

Anafunsa mofatsa, akusenda lalanje. Apo ndinazindikira kuti nkhanga zinapangana kusanapse. Ntchito ija sanaipereke kwa Appa chifukwa chowakonda. Ankadziwa bwino lomwe kuti Perumal satulutsa nsalu yopanda dzina lake.

"Senza kamtoloka pang'ono, Perumal," a Foong anapitiriza. "Ine sindiiwala. Phokosoli likatha tisayina pangano la zaka zitatu. Zitatu zathunthu, osakuvutitsa."

"Sayinani pompano," Amma anatero. "Thilaga, bweretsa cholembera."

"Aa, mlongo! Ndikasayina sabata ino atolankhani adzati ndam'gula. Zaka khumi ndi chimodzi mwakhala m'nyumba mwanga muno, ndinayamba ndakunamizanipo?"

Anasiya pepala lopinda patebulo, pambali pa makoko a lalanje, n'kutsanzika. Linali pepala la mawu opepesa, atawalembera kale.

Chitseko chitangotsekeka Amma anayamba.

"Mukawerenga zimenezi, ine musadzanditchulenso mkazi wanu."

"Ndiye ndikanene chiyani?"

"Zoona!"

"Umboni uli kuti? Sanalembe kalata, sanatumize uthenga pafoni. Ananena pakamwa, ine n'kulemba kuseri kwa kalendala ndi dzanja langa. Zilembo zanga, makina anga, dzina langa. Akakhulupirira ndani, Mmwenye wa lendi kapena wapampando? Fisi akagwa m'mbuna salankhula, Kalaivani."

"Fisiyo m'mbunamo anadziponyamo yekha!"

"Appa," ndinatero, "ngakhale asakhulupirire, mukhala mutanena. Ebele amva. Adaeze akadzakula adzamva."

"Nanga tikagona kuti? M'mawu a Ebele? Thilaga, iwe sunaonepo amayi ako akuphikira pakhonde la eni, akudikira kuti mlamu wawo amalize kaye. Unali wamng'ono. Ine ndinaona, ndipo sindifuna kuonanso. Dzina langa lapita kale. Bola nyumba itsale."

"Mwagulitsa mnansi kuti mugule nyumba, tsopano mukudzigulitsa nokha," Amma anatero. "Mukatha pamenepo mugulitsa ndani? Ine?"

Appa anatenga pepala lija n'kuvala magalasi. Ndinawaona akukonza ndi pensulo mawu awiri amene a Foong analemba molakwika, poti ngakhale bodza, bambo anga safuna lituluke ndi zilembo zopotoka. Ndinawakwiyira, komanso ndinawamvera chisoni, ndipo sindinadziwe kuti chachikulu n'chiti.

Loweruka holo inadzaza. Kutsogolo kunakhala a komiti ndi bwana wina wa kukhonsolo, ndipo makamera anali atatu. Appa anavala malaya awo oyera a kuukwati. Anaimirira nawerenga kuti chikwangwani chija anachiganiza okha, anachisindikiza okha, anachimangirira okha, popanda komiti kudziwa. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wa bondo lotupa, kukwera yekha pamwamba pa geti! Aliyense muholomo ankadziwa kuti anamangirira ndi alonda awiri, a Foong ali pansi kuwauza kuti akokere kumanzere. Koma palibe anatsokomola n'komwe.

"Bodza!" Amma anaimirira kumbuyo. "Bodza lenileni! A Foong, yang'anani kuno! Inu Mayi Rohana, simunali pageti inu? Simunanene kuti zilembo zofiira zikuoneka bwino?"

"Mayi, khalani pansi," mlembi wa komiti anatero pachimkuzamawu. "Uno ndi msonkhano wa eni nyumba. Malamulo athu salola a lendi kulankhula pokhapokha ataitanidwa."

"Mwamuna wanga mwamuitana kuti aname, ine simungandiitane kuti ndinene zoona?"

Alonda awiri omwe aja anabwera n'kuwatulutsa mwaulemu, wina mbali iyi wina mbali iyo. Madzulo pa wailesi yakanema anaonetsa Appa akupepesa, a Foong akuwasisita paphewa ngati munthu wokhululuka. Za Amma anadula. Bwana wa kukhonsolo ananena kuti mzinda wathu ndi wa anthu amitundu yonse, ndipo zochita za munthu mmodzi zisaipitse mbiri ya anthu abwino mamiliyoni.

M'mawa mwake pageti panakwera chikwangwani chatsopano: TEMPUA NDI KWATHU TONSE. Panali manja anayi ogwirana, lililonse khungu lakelake. Anasindikiza ndi Appa, monga mbali ya kupepesa kwawo. Ndinapita kukayang'ana pakona. Panalibe kanthu. Kanali koyamba m'zaka makumi atatu.

Mlungu wachinayi tinaona makatoni pakhomo pa Ebele. Chiyambire tsiku la kiyi lija Amma ankamuikira chakudya pakhomo m'mbale zathu zachitsulo zosanjikiza, ndipo mbalezo zinali zisanabwerere. Kwathu kuno mbale ya mnansi siibwerera yopanda kanthu. Umaikamo kenakake, kaya nthochi ziwiri, kaya shuga pang'ono. Zaka zitatu zonsezi Ebele ankazibweza muli mpunga wake wofiira wa tsabola umene Appa ankaukonda. Tsiku limenelo anagogoda, napereka mbale zonse zitatu kwa Amma. Amma anatsegula yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Zinali zotsuka bwino, zouma.

"Ukupita kuti, mwana wanga?"

"Kwathu, Anti. Mwini fulati wanga akuti mphwake akufuna kudzakhalamo."

"Koma chikwangwani chija anachotsa!"

"Anachotsa nsalu. A ku Sudan a pansanjika yachitatu nawonso auzidwa za mphwake. Anyamata a ku Tanzania aja, mphwake. Sindinkadziwa kuti anthu a Tempua ali ndi adzukulu ndi aphwawo ochuluka chonchi." Anaseka, koma maso ake sanaseke nawo. "Ndaimba malo khumi ndi asanu. Akangomva mawu anga, nyumba yapita. Maphunziro ndikamalizira kwina."

"Watsala ndi chaka chimodzi chokha," ndinatero.

"Ndikudziwa, Thilaga. Ndiwe unandilembetsa."

Appa anatuluka kuchipinda. Anaima patali, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Ebele, mwana wanga, sindinaganize ndine mawu aja."

"Ndikudziwa, Ankolo. Tempua yense akudziwa. Ndinali kumbuyo muholo muja tsiku lija, pafupi ndi chitseko. Ndinabwera dala. Ndinkati, lero Thatha anena. Chikwangwani choyamba chija ndikanatha kukukhululukirani, poti mantha ndimawadziwa, ndimagona nawo. Koma Loweruka lija munali ndi chimkuzamawu m'manja, dziko lonse likumvetsera, ndipo munawasambitsa anthu amene akutithamangitsa. Tsopano iwo ndi oyera. Akutitulutsa mmodzimmodzi, mwakachetechete, pansi pa manja anayi ogwirana amene munajambula inu."

"Ndimafuna kupulumutsa nyumba."

"Yapulumuka?"

"A Foong analonjeza."

Ebele anawayang'ana nthawi yaitali. Sanawanyoze. Ndikanakonda akanawanyoza.

"Ndingamuone Adaeze?" Appa anafunsa. "Ndinamusungira mabuku a zilembo."

"Ayi, Ankolo. Ndinamuuza kuti Perumal wa pachikwangwani ndi wina, si Thatha. Anakhulupirira. Akakuonani adzakufunsani, ndipo sindikufuna kuti mumunamize, sindikufunanso kuti mumuuze zoona. Musiyeni apite ndi Thatha wake."

Ananyamuka Lachisanu m'mawa. Amma anaima pazenera mpaka takisi inatuluka pageti, kenako anakakhala kukhitchini atafukata mbale zija, akulira mosabisa. Appa sanapite kushopu tsiku limenelo. Kunalibenso chopitira, poti makasitomala anali atatha.

Kalata ya a Foong inabwera Lolemba lotsatira, kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti pangano lithe. Sanabwere nayo okha, anatuma mlonda. Inati komiti, pofuna kubwezeretsa mbiri yabwino ya dera, yagwirizana kuti munthu amene anachititsa manyazi mzinda wonse sangapitirize kukhala pa Tempua.

Appa anavala nsapato osamanga zingwe. Ine ndinawatsatira. Tinawapeza a Foong pamalo oimika magalimoto akupukuta galasi la galimoto yawo.

"A Foong, munalonjeza zaka zitatu."

"Perumal, m'bale wanga, ndinamenya nkhondo ine mumsonkhano muja. Ndinali ndekha. Akuti atolankhani akubwerabe kudzafunsa ngati munthu uja akadali pano. Akhonsolo akufuna kuona kuti tachitapo kanthu. Ndingatani ine munthu mmodzi?"

"Koma mukudziwa kuti sindinali ine!"

"Unanena wekha pa kanema kuti unali iwe. Dziko lonse linamva. Tsopano ukufuna unene kuti unanama? Ndiye adzakukhulupirira liti, poyamba paja kapena pano?"

"Ankolo, Mulungu akukuonani," ndinatero.

"Amationa tonse, mwana wanga." Anapinda kansalu kawo bwinobwino. "Ndikupatsani sabata imodzi yapamwamba. Musati ndine woipa mtima."

Pobwerera mu lifiti Appa anatsamira khoma n'kutseka maso. Ndinkayembekezera kuti Amma akanena kuti ndinakuuzani. Sananene. Anawerenga kalatayo kawiri, anaiika pansi pa chithunzi cha milungu pakona yopempherera, n'kupita kukapempha makatoni kusitolo ya pansi. Kukhala chete kwawoko kunandiopsa kuposa kukalipa kwawo konse.

Mvula ikakuona litsiro siikata. Tinayamba kuimba mafoni. Appa analemba manambala a nyumba za lendi papepala lalikulu, m'mizere yowongoka, zilembo zokongola ngati za pakhadi la ukwati. Akaimba okha, mawu awo ankawaulula asanamalize moni. Ena ankafunsa funso lakale lija. Ena, oopa kujambulidwa mawu masiku ano, ankangoti aimbanso, osaimbanso. Mmwenye mnzathu wina wa ku tauni ya Klang anavomera, koma atamva dzina anati, "Perumal wachikwangwani uja? Achimwene, pepani, ine sindifuna penti yofiira pakhomo panga." Mchimwene wa Amma anati kachipinda kaja tsopano mumagona ana ake, komanso anthu a kukachisi angamuone bwanji.

Tsiku lachisanu la kuimbako ndinati ndiimbe ndine. Chimalei changa n'cha kusukulu ya boma, ndipo pafoni palibe angadziwe mtundu wanga. Ndinakweza mawu a foni kuti tonse timve. Appa anakhala pambali ndi pensulo, Amma akukulunga makapu m'nyuzipepala.

Anayankha mayi wansangala, wothandiza anthu kupeza nyumba.

"Ilipo, achemwali, ilipo! Zipinda zitatu, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Malo abata kwambiri. Ndikuuzeni mwachinsinsi, mulibe anthu a ku Africa, mulibe Amwenye. Mwini wake amasankha."

"Koma pachilengezo simunalembe zimenezo," ndinatero.

"Ee, masiku ano sitilemba! Simunaone zimene chinatichitira chitsiru chosindikiza cha ku Tempua chija? Mzinda wonse tanyozeka chifukwa cha iye. Mlamu wanga ali ku Dubai akuti akuchita manyazi kunena kumene amachokera. Zinthu izi zimafuna nzeru, achemwali. Umangofunsa mwaulemu pafoni, basi, palibe wopwetekedwa. Mubwera liti kudzaiona? Ndilembe dzina loti ndani?"

Amma anasiya kukulunga. Appa anali atayang'ana papepala, pensulo ili m'mwamba. Ndikanatha kutchula dzina lina lililonse, n'kukaiona nyumbayo, n'kukakanidwa pakhomo m'malo mwa pafoni. M'nyumba mwathu munali mutanenedwa mabodza okwanira.

"Thilagavathi," ndinatero. "Mwana wa Perumal, wosindikiza wa ku Tempua."

Foni inaduka.

Appa anatenga rula, naika pa nambala ya makumi awiri ndi zitatu, n'kujambula mzere wowongoka bwino kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Pansi pake panatsala manambala awiri.

"Imba yotsatirayo, mwana wanga," anatero. "Koma ulendo uno dzina langa ulisiye."